Masekondi 20 amene anandiphunzitsa kudikira yankho la mwana

Kwa miyezi isanu ndakhala ndikugwira ntchito mongodzipereka m'kalasi ya ana amene ali ndi ulumali wosiyanasiyana, masana awiri pa sabata, ndipo sabata yathayi ndi pamene mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndamvetsa chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuyambira tsiku loyamba. Sinditaya nthawi kufotokoza mitundu ya ulumali kapena kusiyana kwa sukulu zapadera ndi maphunziro ophatikiza ana onse m'kalasi imodzi, popeza inu amene tikuphunzira limodzi za kaphunzitsidwe ka ana aulumali mumazidziwa kale. Ndikufuna kulemba za chinthu chimodzi chokha, chimene ndi kudikira.

Mwa ana amene ndimakhala nawo muli mnyamata wa zaka 11 amene ali ndi vuto limene madokotala amalitcha cerebral palsy. Amayenda pa njinga ya olumala, mawu ake samveka bwino, ndipo akafuna kuyankha amaloza pa kabolodi kamene kali ndi zithunzi, zilembo ndi manambala kuyambira 0 mpaka 9. Ndinkadziwa bwino lomwe, chifukwa ndinaziwerenga ndi kuzilembera mayeso, kuti vutoli limakhudza makamaka minofu ndi kayendetsedwe ka thupi, ndiponso kuti ana ambiri amene ali nalo amaganiza ndi kumvetsa ngati anzawo ena onse. Koma zimene ndinkadziwazo sizinkaoneka m'zochita zanga. Ndinkamupatsa ntchito ya ana aang'ono, monga kusiyanitsa mitundu ndi kuwerenga timiyala mpaka 10, ndipo ndikamufunsa funso iye n'kukhala chete, ndinkayankha ndekha mokoma mtima, kumusisita paphewa, n'kupita kwa mwana wina. Ndinkaganiza kuti ndikumuteteza kuti asachite manyazi pamaso pa anzake.

Lachinayi lapitali ndinafunsa gulu lonse kuti 7 tikamuchulukitsa ka 8 timapeza chiyani. Funsolo ndinkafunsa ana ena awiri, iye sindinkamuwerengera n'komwe. Nthawi yomweyo pensulo ya mwana wina inagwera pansi pa tebulo, ndipo ndinawerama kuifunafuna. Podzuka ndinaona mkono wa mnyamata uja uli m'mwamba, ukunjenjemera, ukupita kumbali kenako n'kubwerera, mpaka kumbuyo kwa chala chake chopindika kunagunda pa 5. Mkonowo unagwera pamwendo, iye anapuma, khosi litauma ndi khama, n'kuyambanso ulendo womwewo mpaka anagunda pa 6. Kenako anandiyang'ana m'maso. Zonsezi zinatenga masekondi pafupifupi 20, ndipo yankho lake, 56, linali lolondola.

Apa ndi pamene zonse zinandiwalira. Kwa miyezi isanu mwanayu wakhala akundiyankha, koma ine ndinkachoka yankho lake lili panjira. Iye akafuna kuloza, minofu yake imayamba yauma kaye, moti akamayesetsa kufulumira m'pamene mkono umamukanira kwambiri. Kukhala chete kumene ine ndinkakutenga ngati kusadziwa kunali nthawi imene thupi lake linkalimbana ndi mtunda waufupi wa pakati pa mwendo ndi kabolodi. Choipa kwambiri n'chakuti ndikayankha m'malo mwake iye ankabweza mkono, ndipo ine ndinkatenga zimenezo ngati umboni wakuti analibe choti anene.

Nditabwerera ku zimene ndinalemba m'makope anga ndinapeza kuti nkhaniyi inalimo kale. Mary Budd Rowe, katswiri wa ku America wa kaphunzitsidwe ka sayansi, anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanalibwereze, kuloza mwana wina kapena kuyankha yekha. Aphunzitsi atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, ndipo ana amene kale ankangokhala duu anayamba kulankhula. Kafukufukuyo anachitika m'makalasi wamba. Ngati sekondi imodzi imachepera mwana amene pakamwa ndi manja ake zimamumvera msanga, nanga kuli bwanji mwana amene ayenera kunyamula yankho lake ndi mkono wosamvera?

Mfundo ina imene ndinailoweza popanda kuimvetsa ndi ya Anne Donnellan, katswiri wa ku America wa maphunziro a ana aulumali, amene mu 1984 analemba kuti pamene tilibe umboni wokwanira wa zimene mwana angathe, tisankhe ganizo limene, litapezeka kuti ndi lolakwika, lingamuwononge pang'ono koposa. Ndikaganiza kuti mwana akumva pamene sakumva, ndataya mphindi zingapo ndi mawu ochepa. Ndikaganiza kuti sakumva pamene akumva, ndamulanda zaka za maphunziro ndipo ndamuphunzitsa kuti kuyesetsa kwake n'kopanda ntchito. Poyamba ndinkaona ngati mfundoyi ikungotilimbikitsa kukhala anthu achifundo, koma tsopano ndaona kuti ikunena za zinthu zooneka ndi maso, monga funso limene ndasankha kufunsa ndi masekondi amene ndalola kuti adutse ndisanatsegule pakamwa.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikafunsa funso ndimawerenga chamumtima mpaka 20, manja ndili nawo kumbuyo, osabwereza funsolo ndiponso osalisintha, chifukwa kulibwereza kumachititsa mwana kuyambiranso kumvetsera m'malo momaliza kuyankha. Masekondi 20 ndi aatali kwambiri ukaima pamaso pa kalasi, ndipo lilime limayabwa kuti ulankhulepo kanthu. Komabe ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti njira imeneyi imaposa zipangizo zodula zonse zimene timaziona m'mabuku, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu, munthu aliyense wofuna kugwira ntchito ndi ana aulumali akanayamba ndi mwezi wathunthu wophunzira kudikira asanaphunzire china chilichonse. M'masiku awiri okha mnyamata uja wandisonyeza kuti amatha kugawa manambala ndipo amawerenga ziganizo zazifupi, zinthu zimene sizinalembedwe paliponse m'mbiri ya maphunziro ake.

Apa ndiye pamene mtima umandiwawa. Sabata yanga yoyamba mphunzitsi wina wa m'kalasimo anandiuza kuti, "Ameneyo musavutike naye, amangokonda kukhala ndi anzake." Sananene mwankhanza, ndipo ndikudziwa kuti ali ndi ana ambiri, nthawi yochepa ndi mitu yambiri yoti amalize, moti masekondi 20 pa funso lililonse kwa iye ndi katundu wolemera. Koma mawu amenewo ndinawalandira osawafunsa, ndipo anandimanga maso kwa miyezi isanu. Ndimadandaulanso ndi amene amatiphunzitsa ife. Tinaloweza kuti chikalata chimene mayiko anagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, mu 1994 chinalimbikitsa maphunziro ophatikiza, ndiponso kuti ndime 24 ya pangano la United Nations la mu 2006 lonena za ufulu wa anthu aulumali imakamba za ufulu wa maphunziro, koma palibe amene anatiimika pamaso pa mwana n'kutiuza kuti titseke pakamwa mpaka amalize. Mwana angathe kukhala m'kalasi imodzi ndi anzake, monga zikalatazo zikufunira, n'kukhalabe panja pa phunziro chifukwa palibe womudikira.

Ndaonanso kuti maganizo olakwika okhudza ulumali si chipongwe ndi kusala kokha. Amene ndinali nawo ine anali achifundo. Ndinkalankhula ndi mnyamata wa zaka 11 ndi kamawu kolankhulira khanda, ndinkamuombera m'manja pa zinthu zimene anazidutsa kalekale, ndipo alendo akabwera ankafunsa ine za iye, iyeyo ali pomwepo akumva zonse. Kulakwitsa kotere n'kwakale. Mu 1880 msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan, m'dziko la Italy, unagamula kuti kuphunzitsa ndi mawu apakamwa n'kopambana chinenero chamanja, ndipo sukulu zambiri zinaletsa ana kulankhula ndi manja, mpaka mu 1960 William Stokoe, katswiri wa zinenero wa ku America, anasonyeza kuti chinenero chamanja cha ku America ndi chinenero chenicheni chokhala ndi malamulo ake. Anthu a ku Milan aja ankakhulupirira kuti akuthandiza ana, monganso ine ndinkakhulupirira pomusisita paphewa mnyamata uja.

Komabe si zonse zimene zayera. M'kalasi yomweyo muli mtsikana amene njira yangayi ikuoneka kuti imamusautsa. Ndikamudikira amayamba kudzigwedeza, kutseka makutu ndi manja, ndipo dzana analira ndisanafike n'komwe pa 10. Mwina maso anga ndi amene amamulemera, moti ndiyenera kudikira ndikuyang'ana kumbali, kapena mwina funso lenilenilo ndi limene silimufikira ndipo kukhala chete kwangako kumangomuonjezera mantha. Sindinathe kusiyanitsa chete wa mwana amene akukonza yankho ndi chete wa mwana amene akufuna kuti ndimusiye, ndipo ndikuopa kuti chisangalalo cha zimene ndapeza kwa mnyamata uja chingandichititse kukakamiza ana onse njira imodzi. Ntchito yangayi itha pakapita miyezi iwiri. Ndayamba kulemba m'kope nthawi imene mwana aliyense amatenga kuti ayankhe, kuti wobwera pambuyo panga adzapeze poyambira, ngakhale sindikudziwa ngati adzakhala ndi mpata woliwerenga, kapena ngati mphunzitsi wa ana ambiri chotere angakwanitsedi kudikira mmene ine, wobwera masana awiri okha pa sabata, ndikuthera kudikira.