Tolvaptan ndi chiwindi: apa ndi pomwe ndinkasochera

Dzulo usiku, magetsi atazima kuno ku Kapata, ndi pomwe mutu wanga unatseguka pa nkhani ya ADPKD, matenda otengera kwa makolo omwe amameretsa timatumba tamadzi mu impso ndi m'chiwindi. Masabata atatu ndakhala ndikuloweza ngati nyimbo, majini oyambitsa matendawa, PKD1 pa chromosome 16, PKD2 pa 4, koma funso limodzi linkandisowetsa tulo. Ngati timatumba tamadzi ta mu impso ndi ta m'chiwindi gwero lake ndi limodzi, bwanji mankhwala a tolvaptan ndi a impso basi, pomwe chiwindi chikakula timatchula octreotide kapena lanreotide?

Anzanga, nkhani yonse ili pa cAMP, kamthenga ka mkati mwa selo. Ndiyo imauza maselo a khoma la kathumba kuti achuluke ndi kuthira madzi mkati. Kungoti choikweza n'chosiyana. Mu impso ndi vasopressin, homoni youza impso kuti zisunge madzi, polowera pake pa selo ndi V2, ndipo tolvaptan amatseka pomwepo. M'njira za ndulu za m'chiwindi ndi homoni ya secretin, ndiye kumeneko otsitsa cAMP ndi octreotide ndi lanreotide aja, mankhwala ofanana ndi homoni ya somatostatin. Nditangojambula mivi iwiriyi, zina zinabwera zokha. Ludzu ndi kukodzakodza kwa womwa tolvaptan si zoloweza ayi: mwatseka V2, impso zisunga bwanji madzi? Choseketsa n'choti tolvaptan yemweyu amatha kupweteka chiwindi, n'chifukwa chake magazi amayezedwa mwezi ndi mwezi kwa miyezi 18 yoyamba.

Chinanso, chiwindi chimatha kudzaza mimba yonse koma n'kumagwirabe ntchito. Wodwala amavutika ndi malo. Chifu chapanikizika, kansima pang'ono wakhuta, thupi likutha mimba ikukula, mpweya ukubanika. Kawirikawiri ndi amayi, chifukwa cha homoni ya estrogen. Impso ndiye zimafookadi: timatumba tikafinya mitsempha renin, yomwe imakweza BP, imakwera, BP nayonso, mapeto ake dialysis (kusefa magazi ndi makina) kapena kuikidwa impso ina.

Ine ndatsimikiza, chilichonse chimamveka ukachijambula pa katoni. Manotsi ndi kutaya nthawi. Aphunzitsi athu anathamanga mutuwu tsiku limodzi masana, tonse tili ndi njala, ndipo nditafunsa anangoti, "Mukawerenge." Tiwerenge nthawi yanji, m'mawa tili ku wodi, madzulo kulibe magetsi?

Chomwe chikundivutabe n'china. Ndikadzatumizidwa ku kiliniki ya kumudzi, kaya ku Chadiza kaya ku Vubwi, m'manja ndidzakhala ndi makina a BP ndi enalapril, mankhwala otsitsa BP. Mayi wodwala ADPKD akadzandifunsa za ana awo, poti mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, theka kwa theka, ndidzayambira pati? Pamenepo katoni yanga sinandiyankhe.