Sabata ya mlangizi wa BEE ku Johannesburg

Ntchito yanga ndi yolangiza makampani a ku Johannesburg ndi madera ozungulira za momwe angatsatire lamulo la Broad-Based Black Economic Empowerment, limene aliyense kuno amangolitchula kuti BEE. Lamuloli linakhazikitsidwa mu 2003 pofuna kuti anthu akuda, amene ulamuliro wa tsankho unawatsekera kunja kwa chuma, akhale ndi gawo pa umwini ndi utsogoleri wa makampani. Kampani yaikulu imapatsidwa mapointi pa zinthu zisanu: umwini, utsogoleri, maphunziro a antchito, kugula kwa mabizinesi a anthu akuda ndi kuwakuza, ndiponso chitukuko cha m'madera. Mapointiwo ndi amene amaika kampani pa mlingo, kuyambira 1, umene ndi wapamwamba, mpaka 8, ndipo mlingowo ukhoza kubweretsa kontirakiti kapena kuichotsa pakamwa.

Lolemba ndinali ku Germiston, pa kampani yopanga zitsulo imene imalowetsa ndalama zoposa R50 miliyoni pachaka, choncho imayesedwa pa zinthu zonse zisanu. Satifiketi yawo yoonetsa mlingo wa BEE, imene imagwira ntchito miyezi 12 yokha, ikutha posachedwa, ndipo kasitomala wawo wamkulu anawachenjeza kuti akatsika pa mlingo 4 adzayamba kugula kwina. Chifukwa chake n'chomveka: munthu akagula kwa wogulitsa wa mlingo 4, ndalama zonsezo zimawerengedwa pa mapointi ake, akagula kwa wa mlingo 1 zimawerengedwa 135 peresenti, koma kwa wa mlingo 8 zimawerengedwa 10 peresenti yokha. Vuto linali pa maphunziro. Anyamata anaphunzitsidwadi kuwotcherera, ndipo ndinawaona ndi maso anga ali pa ntchito, koma m'mafayilo munalibe mindandanda yosainidwa kapena makope a ziphaso zawo. Maphunziro ndi chimodzi mwa zinthu zitatu zimene kampani ikalephera kufikitsa 40 peresenti ya mapointi ake imatsitsidwa mlingo umodzi, ngakhale kwina konse itachita bwino. Chinawapulumutsa n'chakuti ndondomeko yawo ya maphunziro anaipereka ku SETA, bungwe loyang'anira maphunziro a antchito m'gawo lawo la ntchito, tsiku la 30 April lisanadutse. Zotsalazo tinakhala pansi ndi mayi woyang'anira antchito n'kuzisonkhanitsa mpaka madzulo.

Tsiku limene linandilemera mumtima linali Lachiwiri. Ku ofesi kunabwera bambo wina wochokera ku Malawi, amene ali ndi kampani yaing'ono yoyeretsa m'maofesi ndipo anakhala nzika ya South Africa zaka zaposachedwapa. Popeza bizinesi yake siidutsa R10 miliyoni pachaka, lamulo limamupatsa mlingo 4 popanda kuyesedwa, amangofunika chikalata cholumbirira. Koma iye ankafuna mlingo 1, umene umaperekedwa kwa bizinesi yaing'ono ngati eni ake onse ndi akuda. "Achimwene," anatero, "khungu langali mukuliona. Nanga akundikaniranji?" Ndinamufotokozera kuti lamuloli limawerengera Aafirika, makaladi ndi amwenye amene ndi nzika za South Africa mwa kubadwa kapena mwa makolo, kapena amene analandira unzika tsiku la 27 April 1994 lisanafike, kapenanso amene anali oyenera kuulandira tsikulo lisanafike koma anamanidwa. Iyeyo salowamo, ndipo inenso sindilowamo. Sindiona kuti ndi nkhanza, pakuti lamulolo likubweza ngongole kwa anthu amene analandidwa malo, maphunziro ndi ufulu wochita malonda m'dziko lawo lomwe. Koma ndimamvetsa kuwawa kwa munthu amene wakhetsa thukuta kuno zaka zambiri n'kuuzidwa kuti sawerengedwa.

Kenako anatulutsa zimene anabwerera. Mnzake wina anamulangiza kuti alembe dzina la mayi wina wa ku Soweto, amene amakolopa pa kampaniyo, ngati mwini wa magawo 51 pa 100 alionse, kuti akwere pa mlingo 2, pamene ndalama ndi ulamuliro zikhalabe m'manja mwake. Ndinamuuza mosapita m'mbali kuti chimenecho ndi chinyengo chimene pano amati fronting, ndipo chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2013 ndi mlandu waukulu: munthu akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 10, kampani ikhoza kulipitsidwa mpaka 10 peresenti ya ndalama zimene imalowetsa pachaka, komanso kuletsedwa kuchita malonda ndi boma kwa zaka 10. Bungwe la B-BBEE Commission limalandira madandaulo otere ndi kuwafufuza. Koma chimene ndinatsindika kwambiri ndi mayiyo. Dzina lake likanakhala pa mapepala a kampani, iye osalandirapo phindu lililonse, osadziwa ngakhale zimene wasainira. "Bambo," ndinatero, "ngati mukufunadi mnzanu pa bizinesi, mugulitseni magawo enieni, aziona mabuku a ndalama, azivota ndipo azilandira phindu. Ngati simunakonzeke, mlingo 4 si wochititsa manyazi." Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anapempha fomu ya chikalata cholumbirira kuti akaisaine pamaso pa wolumbiritsa ku polisi.

Lachitatu linatha ndi kuimbira foni ogulitsa katundu amene zikalata zawo zinatha ntchito, chifukwa ndalama zogulira kwa munthu wopanda chikalata chovomerezeka siziwerengedwa.

Lachinayi ndinakumana ndi banja la azungu limene likufuna kugulitsa gawo limodzi mwa magawo anayi a kampani yawo kwa antchito kudzera mu trust, bungwe losunga magawowo m'malo mwa antchitowo. Maganizowo ndi abwino, koma ankafuna kuti antchito agule magawowo pa ngongole yokwera chiwongoladzanja, yobwezedwa ndi phindu la magawo omwewo. Ndinawawerengera masamu n'kuwaonetsa kuti phindu lonse lizingothera ku chiwongoladzanja. Malamulo amayang'ana chuma chenicheni chimene chatsala m'manja mwa eni atsopano ngongole itachotsedwa, ndipo amayembekeza kuti chizikula mpaka ngongoleyo ithe m'zaka 10. Umwini wa ngongole yosatha uli ngati kupatsa munthu munda koma nkhokwe n'kuitsekera wekha. Tinagwirizana kuti atsitse mtengo wa magawo, gawo lina la phindu lizifika kwa antchito chaka chilichonse, ndiponso antchito azisankha okha ena mwa oyang'anira trust.

Lachisanu ndinaperekeza woyesa mapointi a BEE wochokera ku bungwe lovomerezedwa ndi SANAS, imene imavomereza mabungwe oyesa, ku kampani yogulitsa zipangizo za m'maofesi. Oyesawa saona mapepala okha. Amaitana antchito mmodzimmodzi n'kuwafunsa udindo wawo ndi maphunziro amene analandira. Kampaniyi inagwiritsa ntchito 2 peresenti ya phindu lake, monga malamulo amanenera, pothandiza mayi wina wa ku Tembisa amene amaisokera mayunifolomu: inamugulira makina osokera a mafakitale ndipo imamulipira msanga akapereka katundu. Woyesa anamuimbira foni kuti atsimikize, ndipo mayiyo anayankha ali pakati pa phokoso la makina, n'kunena kuti walemba atelala ena ndipo tsopano akusokeranso sukulu za m'dera lake. Ndinalangiza akuluakulu a kampaniyo kuti chaka chamawa amupatse kontirakiti ya zaka zitatu, kuti akapita kubanki kukapempha ngongole yokulitsira malo ake akhale ndi chikalata choonetsa.