Kankhope komwetulira kandigoneka mochedwa

Abale anzanga olemba mapulogalamu, dzulo ndagona 2 koloko usiku chifukwa cha emoji imodzi yokha! Munthu akangoika kankhope komwetulira mu uthenga, database yanga ya MySQL imakana, n'kutulutsa error 1366. Ndinakhalira kufufuza mu code ya PHP mpaka maso kuwawa, osadziwa kuti vuto lagona pa tebulo.

Kani utf8 ya MySQL, charset (njira yosungira zilembo) yomwe tebulo langa linkagwiritsa ntchito, imasunga mabayiti 3 okha pa chilembo, pomwe emoji imafuna 4. Mankhwala ake ndi utf8mb4, charset yosunga mpaka mabayiti 4, yomwe inabwera kale mu 2010. Ndinasintha tebulo, koma zinakanikabe. Ndinali nditaiwala kusinthanso charset pa connection yolumikiza PHP ndi database. Amene anatcha dzina lakuti utf8 lija anatipusitsa ndithu.