Sabata ya 11.11: ku Shanghai kukuyaka, ku London tili m'tulo

Anzanga otsatsa malonda mukudziwa kale kuti Novembala akangoyamba kupuma kulibe. Kwa ine chovuta ndi 11.11, tsiku la malonda aakulu a pa intaneti ku China pa 11 Novembala. Kampani yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku London imapanga mafuta odzola, ndipo ine ndimayang'anira masamba athu a mchezo a ku China: WeChat, Weibo, Xiaohongshu ndi Douyin, kuphatikizapo sitolo yathu ya pa msika wa pa intaneti wa Tmall Global.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija. Kulimbana ndi a kulikulu omwe ankafuna mawu akuti "oposa onse" pa chithunzi, chonsecho lamulo la ku China la zotsatsa malonda, lomwe analikonzanso mu 2015, limaletsa mawu otere ndipo chindapusa chimayambira pa 200,000 yuan. Kuwakumbutsanso kuti akaunti yathu ya WeChat imatilola kutumiza kanayi kokha pamwezi, ndiye sitingaunjikemo chilichonse chomwe chatuluka pa Instagram. Instagram yawoyo inatsekedwa ku China mu 2014, Facebook mu 2009, koma alipo mabwana amene mpaka lero amaona ngati ntchito yathu ndi kumasulira basi.

Lachitatu ndiye zinavuta. Kasitomala wina analowa pa webusaiti yathu yaikulu, ndipo pamalo osankhira dziko lomwe katundu apite anapeza Taiwan ndi Hong Kong zili pamndandanda wa mayiko, chonsecho China imati zonsezi ndi madera ake. Anajambula n'kuponya pa Xiaohongshu. Kumeneko inali 10 koloko m'mawa, kuno 2 koloko usiku. Pofika masana awo chithunzicho chinali chitafika pa Weibo, anthu akutchula dzina lathu, akufunsa ngati ndalama za anthu a ku China timazifunadi.

Ku Shanghai tili ndi munthu mmodzi yekha, mtsikana wakhama kwambiri. Anzake anawachotsa chaka chatha ati pochepetsa ndalama. Anandiimbira kusanache, mawu akunjenjemera. Chikalata chopepesa anali atalemba kale, koma alibe chilolezo chotulutsa kanthu popanda siginecha ya maloya athu, ndipo maloyawo amalowa mu ofesi 9 koloko, pomwe ku Shanghai anthu akuweruka. Tsiku lonse tsamba lathu linangoti zii, ndipo kukhala chete koteroko anthu kumeneko amakutenga ngati mwano.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti nkhani ya mndandandayi tinaikweza kwa a IT mu Juni, pokonzekera 618, malonda ena aakulu a pa intaneti a pa 18 Juni. Anaiika pa zinthu zosafulumira. Tinawapatsa ndi zitsanzo zomwe: Marriott mu Januwale 2018, webusaiti yake ya ku China kutsekedwa sabata yathunthu chifukwa cha mndandanda wonga womwewu, Versace, Coach ndi Givenchy mu Ogasiti 2019 chifukwa cha malaya, mpaka katswiri wa mafilimu Yang Mi kusiya kuimira Versace tsiku lomwelo. Kaya munthu amaganiza zotani pa za Taiwan, imeneyo ndi nkhani ina. Ife a ku Malawi timakumbukira boma la Bingu likusiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, ndiye kulemera kwa nkhaniyi sikutidabwitsa. Koma ukasankha kugulitsa kumeneko, dziwa chomwe chimatsekesa sitolo.

Msonkhano utayamba, bwana wina anati tingofufuta ndemanga zonse zoipa. Ndinawauza kuti bwana, zimenezo anthu ajambula kale, mukafufuta mwawapatsa nkhani yachiwiri. Wina anati tipepese pa Weibo pokha, a kuno asaone. Nawonso anthu a ku China njira imeneyi anaitulukira kalekale. Amadumpha mpanda wa intaneti kukaona ngati mwalembanso pa Instagram. Tinakokana mpaka masana. Kusintha mutu wa mndandandawo kuti ukhale "dziko kapena dera" kunatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa madzi a tiyi.

Chipepeso chinatuluka ku Shanghai kuli pakati pa usiku. Lachinayi m'mawa KOL (munthu wotchuka pa intaneti wotsatsa malonda) yemwe amayenera kutigulitsira pa Douyin anatumiza uthenga waulemu kuti sabweranso. Sindimuda, nayenso ali ndi dzina loti aliteteze. Ndalama yachikole inapita, katundu ali phee m'nyumba yosungiramo ku Ningbo.

Lachisanu ndinalemba lipoti, n'kupemphanso zinthu ziwiri zomwe ndakhala ndikupempha: munthu wachiwiri ku Shanghai, ndi chilolezo choti a ku Shanghaiwo azitha kuyankha zinthu zikavuta popanda kudikira London adzuke. Yankho lake akuti tidzaona mu bajeti ya chaka chamawa. Madzulo omwewo a kulikulu anatitumizira zithunzi za mabokosi a mphatso za Chaka Chatsopano cha ku China kuti tivomereze msanga. Mabokosi oyera, atajambulapo maluwa oyera a chrysanthemum, omwe kumeneko amapita nawo kumaliro.