Ku Kachulu, komwe nsungwi imagunda pansi pa nyanja

Amene anazolowera nyanja ya Malawi akafika ku Chilwa amayamba wakhumudwa. Kulibe mchenga woyera, madzi ake ndi amatope komanso amchere pang'ono, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imangothiramo, otapa madziwo ndi dzuwa basi.

Ndinanyamuka ku Zomba m'mawa, fumbi lili koboo, mpaka padoko la Kachulu. Pamenepo ndinakwera bwato lopita ku chilumba cha Chisi. Mnyamata woyendetsa sanagwire nkhafi ayi. Anaima kumbuyo ndi nsungwi yaitali, kuizika pansi, kukankha, kuizula ili matope okhaokha. Tinapita kutali ndithu gombe n'kuchepa, koma nsungwi ija imagundabe pansi.

Kusaya kumeneku ndiye chuma cha Chilwa. Madzi amatentha msanga, zakudya za nsomba zimachuluka, ndipo m'njedza ndi m'mabango muli pobisala tiana ta nsomba. Matemba amayenda chigulu. Tili m'njira mnyamata uja analoza pomwe mbalame zimazungulira: "Achimwene, taonani apo." Poyamba sindinaone kanthu. Kenako pamwamba pa madzi panachita ngati pakugwa mvula yowaza, timiyendo ta mafunde tikuthamangira mbali imodzi, apa ndi apo kakung'anima. Bwato litayandikira, gulu lonse linatembenuka kamodzi n'kuzimirira. Asodzi a khoka amawerenga zizindikiro zomwezi. Makumba ndi milamba ziliponso, koma dzina la Chilwa m'misika ya ku Zomba ndi ku Limbe analimanga ndi matemba.

Tinadutsanso pa zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama. Munthu amagona pompo, kuphika pompo, kuwamba nsomba pompo. Madzi akumwa ndi omwewo, n'chifukwa chake kolera savuta kubuka kumeneku. Ine ndiye sindingagonepo, olo mundilipire.

Nyanja yosaya siichedwanso kuphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka. Chilwa analowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, komabe nkhoka za maso ang'onoang'ono, zina zosokedwa ndi maneti a udzudzu, zikukokolola ndi tiana tomwe.

Pa Chisi ndinagula matemba owuma mbale imodzi. Mayi wogulitsa anakana kutsitsa mtengo, akuti chaka chino nsomba yavuta, koma anandiikira basera ya dzanja limodzi.