Injini ya chigayo mu laputopu yanga

Sabata zitatu zapitazi ndakhala ndikumanga injini ya dizilo ya silinda imodzi pa FreeCAD (pulogalamu ya pakompyuta yojambulira makina), yonga zija zimaguguda m'zigayo zakumudzi. Ndinasankha FreeCAD poti ndi yaulere. Laisensi ya SolidWorks, pulogalamu ina yotere, si ya thumba la mwana wasukulu. Komanso kuyambira pa FreeCAD 1.0, yomwe inatuluka mu Novembala 2024, muli kale gawo lolumikizira zitsulo kuti ziziyendera limodzi.

Poyamba ndinafuna chidule. Ndinatsitsa injini yokongola pa GrabCAD, webusaiti yomwe anthu amagawanapo zojambula za makina, koma inali fayilo ya mtundu wa STL, chikhungu cha timakona titatutitatu chongoyang'ana basi. Kukulitsa bowo limodzi lokha, mutu kuwawa. Ofuna kusintha zinthu, muzisaka mafayilo a mtundu wa STEP. Ine ndinangotenga veniya (chida choyezera kukula kwa zitsulo), ulendo kwa bambo ena okonza zigayo, kukayeza pisitoni yakutha.

Pisitoni, crankshaft (shafuti yomwe pisitoni imazungulitsa) ndi con rod yolumikiza ziwirizi sizinandivute. Pomwe ndinagwa m'pamagiya. Onse awiri, ya crankshaft ndi ya camshaft (shafuti yotsegula mavavu), ndinawapatsa mano ofanana, ndiye nditazungulitsa, vavu yotulutsa utsi inkatseguka nthawi iliyonse pisitoni ikukwera. Nanga mpweya upanikizika bwanji khomo lili pululu? Paja dizilo alibe pulagi. Amayaka ndi kutentha kwa mpweya wofinyidwa, nthawi zambiri mpaka kuchepa ka 16 kapena kupitirira. Injini yangayo ikanakhala yachitsulo, munthu akanapukusa handulo mpaka dzuwa kulowa osamva ngakhale kutsokomola.

Chochititsa manyazi n'chakuti yankho ndinaliloweza kalekale: pa masitiroko anayi crankshaft imazungulira kawiri, madigiri 720, camshaft kamodzi. Pamayeso ndinkakhoza. Koma zinandilowa m'mutu usiku umenewo, nditachulukitsa kawiri mano a giya ya camshaft, n'kuidula injini pakati pa sikirini, n'kumaona mavavu akudikira nthawi yawo. Ndinabwereza kambirimbiri mpaka batire kutha. Kampata kotsala pakati pa pisitoni ndi hedi (chivundikiro cha silinda) n'kochepa moti vavu ikachedwa kutseka pang'ono zimawombana, ndipo pachithunzi cha m'buku sindinakaonepo n'komwe.

Loweruka ndinapita nayo laputopu kwa bambo aja, mtima uli m'mwamba. Anaipenyetsetsa ikuzungulira, akupukuta manja ndi kansanza, kenaka anati, "Yakongola mwana wanga. Nanga oilo afika bwanji ku mabeyaring'i?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Panalibe njira ya oilo ngakhale imodzi. Kompyuta inkangoizunguza youma, osadandaula. Mawa ndibwereranso ndi veniya, akuti andimasulira ina yomwe ili pakona kuti ndione pomwe oilo amadutsa.