Ndinavota motsutsana ndi mayi amene anandilandira

Nkhaniyi yandikhala pamtima nthawi yaitali nde ndingolemba basi. Kuno ku America ndili mu bodi ya kabungwe kena kolandira anthu othawa kwawo, dzina sinditchula. Ndinalowamo ngati womasulira poti anthu ambiri aku Congo omwe adutsira ku Dzaleka Chichewa amachilankhula bwinobwino, ena anabadwira konko ku Dowa, paja kampu ija inatsegulidwa 1994.

Poyamba zinali za pachibale. Mayi amene anayambitsa bungweli ankapanga zonse okha, matiresi ali mu galaja mwawo, cheke akusayina okha, ife a bodi kumangobwera kudzamwa tiyi ndikuvomereza. Kenako Kabul, likulu la Afghanistan, inagwa mmanja mwa a Taliban mu Ogasiti 2021, anthu aku Afghanistan oposa 70,000 analowa mdziko muno, ndalama za boma zinayamba kubwera zambiri ndipo zimabwera ndi malamulo ake, nthawi imeneyo mukangogwiritsa ntchito $750,000 pachaka ma odita amayenera kuona mabuku onse.

Mkangano unabuka msungichuma watsopano atapeza kuti mayiwa analipira lenti ya banja lina lomwe masiku ake 90 a chithandizo cha boma anali atatha, pogwiritsa ntchito ndalama zomwe zinabwerera ntchito ina. Sanabe olo kobiri, izi ndikhoza kulumbira. Koma bodi inagawikana pawiri, akale akuti mukuwanyoza mayi athu, atsopano akuti boma likadziwa litilanda zonse. Pa Zoom tinakhala mpaka usiku, mayi aja anafunsa misozi ili mmaso kuti ndiye ana aja akagone panja chifukwa cha pepala?

Ine ndinavota kuti cheke azisayina anthu awiri komanso ndalama zisamasunthidwe bodi isanavomere. Ndikuonabe kuti ndinalondola, poti mabanja ena onse akanavutika limodzi ndi banja limodzi lija. Koma ndi mayi omwewa anandigoneka kwawo nditangofika, ndipo anakhala miyezi osandiyankha moni.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi bambo wina yemwe anali yekhayo othawa kwawo mu bodimo, usiku onse uja palibe anamufunsa maganizo, ngakhale ine. Anatula pansi udindo mwakachetechete. Pano chiyimitsireni Trump pulogalamu yolandira othawa kwawo mu Januwale 2025 tikukangananso zoti tichotse ndani ntchito, ndipo mpando wa bambo aja sitinaikepo munthu.